Amanga chipatala ndani? Aphungu a ku Rumphi ndi njerwa zathu

Ndinali mu Sitandade 6 pamene mudzi wathu unaumba njerwa za chipatala. Amfumu anagawa masiku, limana lililonse tsiku lake. Abambo ankaponda dothi, amayi ankatunga madzi, ife ana tinkanyamula zikombole mpaka mapewa kuwawa. Titawotcha uvuni kunabwera lole ya simenti ndi malata, ndipo aliyense ankati zimenezi atumiza ndi abwana aphungu. Nyumbayo inatha bwinobwino, inapakidwa penti, ndipo pa tsiku loipereka amayi anavina mpaka fumbi kobo. Kenaka inakhala yotseka zaka zitatu, chifukwa panalibe nyumba ya namwino, ndipo palibe namwino akanabwera kudzagona m'chipinda choberekera. M'chaka chachiwiri cha kutsekako, amayi anga aang'ono anachirira m'ngolo usiku, ng'ombe zikuwakokera ku chipatala chakutali. Anadutsa pakhomo penipeni pa nyumba imene iwo omwe anaitungira madzi. Mwanayo ali moyo, pano ali ku sekondale. Sinditchula mudzi kapena phungu wake, chifukwa nkhani ngati iyi mukaifunsa m'boma lililonse muipeza.

Chiyambire kuphunzira mbiri kuno ku yunivesite, funso limene limandizunguza ndi lakuti: zinayamba liti kuti Mmalawi akafuna chipatala aziyang'ana kwa phungu? Rumphi ndi malo abwino ofunsira funsoli. Boma lathu ndi laling'ono, kalembera wa 2018 anapeza anthu 229,161 okha, koma m'zaka khumi zokha linatulutsa nduna za zaumoyo ziwiri ndi phungu wina amene ntchito yake inali ya unamwino ndi uzamba. Ngati pali malo amene uphungu ukanatha kuthetsa mavuto a zipatala, ndi kwathu kuno.

Chipatala chakale kwambiri m'boma lathu sichinamangidwe ndi boma. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 a Dr Robert Laws anakwera phiri n'kukakhazikika ku Khondowe. Kumeneko ndi kumene chipatala cha David Gordon Memorial chinatsegulidwa mu 1911, ndi ndalama zochokera ku Scotland. Mpaka lero chili m'manja mwa Sinodi ya Livingstonia ya CCAP, ndipo ndi chimene chimayang'anira zipatala zing'onozing'ono za m'mbali mwa nyanja monga Mlowe ndi Tcharo, ndipo ku Tcharoko wodwala amadalira bwato chifukwa mapiri anatsekereza msewu. Chimene ndimachita nacho chidwi pa a Laws si njerwa zawo ayi. Iwo anamanga chipatala pamodzi ndi sukulu yophunzitsa anthu akuda ntchito ya chipatala, anakoka madzi a m'mipope, anaika magetsi, anasema msewu wa Gorodi wokhotakhota uja kuti katundu azikwera kuchokera kunyanja. Mungawadzudzule amishoni pa zambiri, ndipo ine ndimawadzudzula, koma anadziwa kuti nyumba payokha sichiritsa munthu.

Nthawi imeneyo kunalibe phungu woti n'kumudandaulira. Nyumba ya malamulo ya atsamunda inakhazikitsidwa mu 1907, koma munthu wakuda anayamba kukhalamo mu 1949, ndipo anali wochita kusankhidwa ndi bwanamkubwa. Madandaulo a anthu ankadutsira m'mabungwe monga North Nyasa Native Association la mu 1912, limene anthu ophunzira ku Livingstonia monga a Levi Mumba ankalembera makalata kuboma. Ufulu utabwera, dziko linakhala la chipani chimodzi mu 1966, ndipo phungu ankadziwa kuti mpando wake uli m'manja mwa Ngwazi. Agogo anga amati masiku amenewo sukulu kapena kachipatala kankamangidwa ndi ntchito yodzithandiza ndi Youth Week, ndipo kakatha, wothokozedwa anali Kamuzu basi. Phungu amene akanayerekeza kunena kuti "ndamanga ndine" akanaona zakuda.

Zinthu zinatembenuka ndi mwana wa kwathu komwe kuno. A Chakufwa Chihana, obadwira ku Mhuju mu 1939, anatsika ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo 1992 n'kumangidwa pomwepo chifukwa chofuna ndale za zipani zambiri. Anatuluka m'ndende patatsala masiku awiri kuti riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ichitike. Pa chisankho cha 1994 chipani chawo cha AFORD chinasesa mipando yonse 33 ya m'chigawo cha kumpoto, ndipo iwo anakhala phungu wa dera lapakati m'boma la Rumphi, kenaka wachiwiri kwa wachiwiri wa mtsogoleri wa dziko. Kuyambira pamenepo phungu anayamba kuopa ovota m'malo moopa munthu mmodzi. Ndi chinthu chabwino, koma chinabwera ndi matope ake, paja walira mvula walira matope. Wovota wa ku Hewe kapena ku Mphompha sawerenga zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo. Chimene amaona ndi mlatho, mjigo, bokosi la maliro ndi denga la malata. Ndiye phungu anaphunzira msanga kuti lamulo labwino silimubwezera pampando, koma nyumba yooneka ndi maso imatha kutero.

Apa pali chinthu chimene anzanga ambiri sachidziwa, ndipo inenso ndinachidziwa mochedwa. Malamulo aakulu a dziko lino salola phungu wamba kubweretsa bilu yotulutsa ndalama m'thumba la boma. Gawo 57 limati nkhani yotere iyenera kudzera mwa nduna ya zachuma. Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuyimira anthu ake, kuvomereza kapena kukana bajeti, ndi kulondoloza mmene boma lagwiritsira ntchito ndalamazo. Pa nkhani ya chipatala cha m'dera lake, chida chimene ali nacho ndi funso kwa nduna. Amene mumamvera Nyumba ya Malamulo pa wailesi mukuidziwa nyimbo yake: phungu aimirira kupempha nduna kuti iganizire zomanga chipatala pamalo akutiakuti, nduna iyankha kuti unduna wamva ndipo udzachita ndalama zikadzapezeka, aphungu a mbali ya boma aomba matebulo. Funso lotsatira. Ovota analinso ndi chida chawo, gawo 64, limene linkawapatsa mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe. Aphungu analifafaniza mu 1995, chaka chimodzi chokha chilowereni m'nyumbamo.

Amene ankayenera kumanga zipatala zing'onozing'ono ndi makhonsolo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linanena zimenezi momveka, mphamvu ku anthu. Makhansala anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda khansala ndi mmodzi yemwe mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi! Mpata umene unasiyidwawo sunakhale wopanda munthu. Mu 2006, pamene a Bingu wa Mutharika ankalamula ndi aphungu ochepa ndipo bajeti iliyonse inkadutsa movutikira, kunabadwa thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF. Mu 2010 lamulo linasinthidwa kuti aphungu azivota nawo m'makhonsolo. Thumbalo linakula chaka ndi chaka, linafika K100 miliyoni mu 2022 ndi K200 miliyoni mu 2024, ndipo kukwera kwake kunkagwirizanitsa aphungu a mbali zonse mwachangu chimene sitichiona pa nkhani zina. Papepala ndalamazi zimasungidwa ndi khonsolo ndipo ntchito zimachokera m'makomiti a chitukuko a m'midzi. Koma funsani munthu aliyense pa Bolero kuti CDF ndi ya ndani, akuuzani dzina la phungu.

Ndiye titembenukire kwa anthu atatu aja.

A Pulofesa Moses Chirambo anali dokotala wa maso woyamba wa Chimalawi. Asanalowe ndale anali atagwira ntchito zaka zambiri ku Lilongwe, kuchita maopareshoni a ng'ala ndi kuphunzitsa madokotala othandizira a maso, osati a Malawi okha komanso ochokera m'maiko oyandikana nafe. Nkhalamba zambiri zimene zinaonanso kuwala m'zipatala za m'maboma zinathandizidwa ndi manja amene iwo anaphunzitsa. Mu 2009 anapambana mpando wa dera lapakati la Rumphi pa tikiti ya DPP ndipo anasankhidwa kukhala nduna ya zaumoyo. Mu Ogasiti 2010 anachotsedwa pa unduna, ndipo mwezi womwewo anamwalira ku South Africa. Mpando wawo unakhala wopanda munthu mpaka chisankho chachibwereza cha mu 2011, chimene a Enoch Chihana anapambana. Ndikaganiza za a Chirambo ndimaona kuti chimene anasiyira dziko lino anachichita asanakhale phungu, ndipo sichinali nyumba. Chinali anthu odziwa ntchito. Chaka chimodzi ndi miyezi yochepa ya uphungu sichikanatha kufanana ndi zimenezo. Pali chinanso chowawa: iwo ndi a Chakufwa Chihana, amene anamwalira ku Johannesburg mu Juni 2006, onse anali aphungu a dera limodzi, ndipo onse anatsirizikira m'zipatala za dziko la eni. Sindikuwanena, munthu akadwala amapita kumene kuli thandizo. Koma ovota awo alibe ndege yowatengera kumeneko.

Mayi Jacqueline Kouwenhoven nkhani yawo ndi yosiyana. Anabadwira ku Netherlands, ndi namwino komanso mzamba, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anakhazikitsa malo a Eva Demaya ku Luviri, kuzambwe kwa boma lathu, kumene kuli chithandizo cha zaumoyo ndi ntchito zina za chitukuko. Mu 2014 anaima paokha popanda chipani ndipo anthu a dera la kuzambwe kwa Rumphi anawasankha. Anzanga a m'maboma ena amadabwa mpaka lero kuti Atumbuka a kwa Chikulamayembe anavotera bwanji mzungu, mkazinso. Ine sindidabwa. Anthu anavotera munthu amene anamuona akugwira ntchito pakati pawo zaka zoposa khumi asanapemphe voti. Apa ndondomeko inatembenuka: ena amapempha mpando polonjeza chipatala, awa chithandizo chinayamba, mpando n'kubwera pambuyo. Komabe mu 2019 mpandowo unapita kwa wina. Zifukwa za ovota ndi zambiri ndipo si ine woti ndiwayankhulire, koma chimodzi n'choonekeratu kwa aliyense amene anayendapo msewu wochoka pa Rumphi boma kudutsa Bolero kupita ku Hewe nthawi ya dzinja. Zimene dera ngati limenelo limasowa, msewu woti ambulasi idutse, anamwino okwanira, mankhwala osatha pakati pa mwezi, si zinthu zimene phungu mmodzi woima payekha angazitulutse m'thumba la CDF. Zimachokera mu bajeti ya dziko, ndipo bajeti imalembedwa ku Capital Hill.

Wachitatu ndi a Jappie Mhango a dera la kumpoto kwa Rumphi, amene anakhala nduna ya zaumoyo mu 2019. Pa 2 Epulo 2020 dziko linalengeza odwala Covid-19 oyamba, ndipo ndi iwo amene anali pampando pamene boma linalamula m'bindikiro wa masiku 21, umene khoti linauimitsa usanayambe. Mu Juni chaka chomwecho boma linasintha. Unduna wawonso unatha chaka chimodzi chokha, ndipo theka lake linadyedwa ndi mliri ndi chisankho chobwereza. Timakonda kunena kuti dera likakhala ndi nduna ladya bwino, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma chipatala chenicheni chimatenga zaka kuchokera pa pulani mpaka kutsegulira, pamene nduna zathu zimasinthidwa ngati malaya. Ndipo tinene zoona, nduna ya zaumoyo imene ingakokere zonse kwawo ndiye kuti yalakwira wodwala wa ku Nsanje.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti CDF sinamange kanthu. Ndayenda m'boma lathu ndipo ndaona zipinda zodikirira amayi oyembekezera, timanyumba ta sikelo ya ana pamene kale alangizi a zaumoyo ankapachika sikelo pa nthambi ya mtengo, zimbudzi ndi nyumba za ogwira ntchito zimene sizikanakhalapo popanda ndalama zimenezi. Munthu wa ku Lilongwe amene amanyoza CDF sanakhalepo pamzere wa sikelo mvula ikugwa. Ndalama imene imafika kumudzi, ngakhale yafika mokhota, ndi yosowa m'dziko muno, ndipo anthu akamati "tawonga chomene" kwa phungu sakhala opusa. Vuto langa lili pa mtundu wa zinthu zimene ndalama yodutsa m'manja mwa wandale imakonda kugula. Imakonda chinthu chimene chingajambulidwe, chimene chingathe chisankho chisanafike, chimene chingalembedwe dzina pakhoma. Chipinda choberekera chimajambulika. Malipiro a mzamba, mafuta a ambulasi, batire ya sola ya firiji ya katemera, zimenezi sizijambulika, ndipo CDF siyilemba ntchito namwino. Kulemba anthu ntchito ndi kugula mankhwala zili m'manja mwa unduna ndi khonsolo. Ngati amene akumanga sanakhale pansi ndi ofesi ya zaumoyo ya boma kuti agwirizane za anthu odzagwira ntchito, zotsatira zake ndi nyumba ngati ya kwathu ija, mileme n'kulowamo anthu asanalowe. Phungu akagwa pa chisankho, ndipo kuno aphungu oposa theka amagwa nthawi zambiri, wolowa m'malo safuna kumaliza maziko a mnzake. Amakayamba ake pena.

Chimene chimandipweteka koposa ndi ntchito imene imasiyidwa pamene phungu wasanduka kapitawo wa zomangamanga. Mu 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa analonjezana ku Abuja kuti gawo la zaumoyo lizilandira 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti. Malawi nthawi zambiri safikapo, ndipo amene amavomereza bajeti yoperewerayo chaka ndi chaka ndi aphungu omwewo. Mu 2013 Cashgate itaphulika, kafukufuku anapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni inasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, maiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo la bajeti, ndipo zipatala za m'maboma zinali m'gulu la oyamba kumva kuwawa. Ndalama imeneyo ikanamanga zipatala zingati za kumudzi? Malo otetezera ndalama zotere ndi m'makomiti a Nyumba ya Malamulo, monga komiti yoona za kayendetsedwe ka chuma cha boma, imene a Kamlepo Kalua a dera la kuvuma kwa Rumphi anakhalapo wachiwiri kwa wapampando wake. Kaya mumawakonda a Kamlepo kaya ayi, phokoso la m'komiti ngati imeneyo ndiyo ntchito imene malamulo anapatsa phungu. Koma pa msonkhano wa kampeni sindinamvepo munthu akuimirira kufunsa kuti, "Abwana, lipoti la mkulu wolondoloza chuma cha boma munaliwerenga?" Timafunsa za malata. Ndiye mlandu wina ndi wathu ovota, ine ndemwe.

Palinso funso losavuta limene mwana wa pulayimale angafunse: ngati phungu ndiye akusankha ntchito, akuloza womanga, ndiye adzafufuze ndani ntchitoyo ikagwa? Funso limeneli ndi limene bungwe la makhonsolo la MALGA linapita nalo kukhoti, ndipo mu Meyi 2025 majaji a khoti lalikulu, atakhala ngati khoti loona za malamulo aakulu a dziko, anagamula kuti kulowerera kwa aphungu pa kayendetsedwe ka CDF komanso kuvota kwawo m'makhonsolo n'kosemphana ndi malamulowo. Chigamulochi ndinachilandira, koma osati ndi nthungululu. Khonsolo si mpingo wa angelo, malipoti a kafukufuku wa chuma cha makhonsolo amanena okha. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama zikasokonekera ku khonsolo, pali phungu amene manja ake ali oyera woti akafunse, pamene kale wofunsa ndi wofunsidwa anali munthu mmodzi. Komanso ku khonsolo ndi kumene kumakhala mkulu wa zaumoyo wa boma, amene amadziwa kuti ali ndi anamwino angati ndipo angatumize kuti.

Mnzanga wina wa ku Mzimba, amene timakangana naye ku hositelo mpaka usiku, amati ndikulota. Akuti phungu amene angauze anthu kuti "kumanga si ntchito yanga" ndiye kuti wadzikumbira yekha manda, ndipo lamulo la zipani la 2018 loletsa kugawa zinthu pa kampeni silinasinthe kanthu pa maliro ndi pa mipingo. Mwina akunena zoona. Ine ndimamuyankha kuti chizolowezi chimenechi chili ndi tsiku lobadwa, sichinabwere ndi Mlowoka powoloka nyanja. Agogo anga anakula osachidziwa. Chinakula pamene makhansala kunalibe ndi pamene boma la aphungu ochepa linkafuna mavoti a bajeti, ndipo anthu amene anabadwa CDF itayamba kumene ndi omwe tili m'makalasi a yunivesite panopa.

Tchuthi chapitachi ndinapita kukaona nyumba ija. Inatsegulidwa pamapeto pake, mudzi utaumbanso njerwa zina za nyumba ya namwino, ndipo mpingo wina unathandiza malata. Pali namwino mmodzi amene amagwira usana ndi usiku, ndipo akapita ku boma kukatenga mankhwala kapena kumaliro kwawo, chitseko chimakhala chokhoma. Pakhoma pakadali chikwangwani cha tsiku loipereka, dzina la phungu lili m'malembo akuluakulu, ngakhale penti yayamba kusuwa. Ndinafunsa amayi anga aang'ono ngati amakwiya akamadutsa pamenepo. Anaseka, n'kunena kuti mwana wawo wachiwiri anabadwira momwemo, pa bedi, nyali ya sola ikuyaka. Kenaka anandifunsa ngati ku yunivesite kuno ndingawapezere munthu woti akalankhule ndi abwana aphungu za mjigo wa pachipatalapo, umene unathyoka chaka chatha.